Kunjaku kwafunda, koma mvula ndi sinowo zili m'njira

Dalaivala wa vani, Leeds:
Abale anga, kufunda kwa masiku anoku kusakunyengeni. Kuno ku UK kukafunda chonchi m'nyengo yozizira, ndiye kuti mphepo ikuchokera kunyanja ya Atlantic ndipo yasenza chinyezi. Ikangotembenuka n'kuyamba kuomba kuchokera kumpoto kapena kum'mawa, mvula yomweyo imasanduka sinowo, kuyambira kumapiri. Koma choopsa kwambiri ndi usiku woyamba mvula itakata, kumwamba kutayera. A khonsolo amathira mchere mumsewu, mvula yamphamvu n'kuukokolola, madzi otsalawo n'kuundana. Ayezi wakeyo saoneka, phula limangokhala ngati lanyowa. Galimoto ikaonetsa madigiri 3, pansi pangathe kukhala pataundana kale, makamaka pamilatho ndi pamalo a mthunzi. Odutsa msewu waukulu wa M62 pakati pa Leeds ndi Manchester, kumbukirani kuti pafupi ndi Junction 22 msewu uli pamtunda wa mamita 372 kuchokera pamlingo wa nyanja. M'tauni ikakhala mvula, pamenepo imakhala sinowo.

Wosamalira okalamba m'makomo, Manchester:
Zikomo achimwene. Nanga ife onyamuka 6 koloko m'mawa titani? Timisewu ta m'kati mwa nyumba za anthu sathiramo mchere.

Dalaivala wa vani, Leeds:
Achemwali, dzukani mphindi 15 msanga kuti mupale magalasi onse, osangoboola kamalo kosuzumirapo, ndi mlandu umenewo. Sinowo wa padenga la galimoto muchotsenso, mukaponda mabuleki amatsetserekera pagalasi. Madzi otentha musathire, galasi limang'aluka. Ponyamuka gwiritsani giya 2, kusiya kilatchi pang'onopang'ono. Pamsewu wonyowa mpata ndi galimoto yakutsogolo ukhale kawiri, pa ayezi mpaka kakhumi. Ikayamba kutsetsereka chotsani phazi pamafuta, musamenye mabuleki, chiwongolero mutembenuzire kumene kumbuyo kwa galimoto kukupita.

Makaniko, Birmingham:
Ndionjezerepo, lero kukadafunda ndiye tsiku lochita izi. Mizere ya matayala lamulo limati isachepere mamilimita 1.6, koma nthawi ino 3 ndiye wabwino. Lowetsani kobiri la 20p mumzere, mkombero wake ukaoneka tayala latha. M'thanki ya madzi otsukira galasi musaike madzi okha, amaundana n'kuphulitsa pampu, thirani screenwash, mankhwala otsukira galasi, osasungunula kwambiri. Batire yopitirira zaka 5 kaiyezetseni. Imalira bwinobwino kukafunda, m'mawa woyamba wozizira n'kungoti zii. Maulendo aafupiafupi a m'makomowa, hita ndi magetsi zili zoyaka, amaimaliza msanga. Ndipo musasiye injini ikulira inu muli m'nyumba, akuba amadikira zomwezo ndipo a inshuwalansi ambiri salipira makiyi akakhala anali momwemo.

Pulambala, Luton:
Za m'nyumba tsono. Boiler, makina otenthetsa madzi ndi nyumba, ikazima m'mawa wozizira, ikumveka ngati ikugwedeza madzi kukhosi, kawirikawiri ndi paipi ya pulasitiki yotulutsa madzi kunja imene yaundana. Itsatireni kukhoma lakunja, thirani madzi ofunda, osati owira, makamaka pokhota ndi kumapeto kwake, kenako dinani reset. Muvi wa pressure uzikhala pakati pa 1 ndi 1.5 bar isanatenthe. Mukachita izi osayakabe, imbirani alandilodi, musatsegule chivundikiro chake, ntchito ya gasi ndi ya munthu wovomerezeka, wolembetsedwa ku Gas Safe, yekha. Pezaninso lero stopcock, potsekera madzi onse olowa m'nyumba, imakonda kukhala pansi pa sinki ya kukhitchini, muyese ngati ikutembenuka. Paipi imang'aluka pozizira, koma madzi amayamba kutuluka ayezi akasungunuka, ndipo nthawi imeneyo sufuna kumafufuza potsekera.

Namwino, Glasgow:
Amalume mwanena zoona, ndipo chonde musazimitsiretu hita pofuna kupulumutsa ndalama. A NHS, azaumoyo a boma, amati chipinda chisatsike madigiri 18, makamaka kwa okalamba ndi odwala. Achemwali a ku Manchester, mukapeza gogo akulankhula mosokonekera, akusinza, khungu lazizira ngakhale pamimba, afunditseni bulangete ndipo imbani 999, musawatikite manja ndi miyendo. China chimene ndikupempha ndi mtima wonse: mbaula, makala kapena chowotchera nyama zisalowe m'nyumba ngakhale magetsi atathima. Mpweya wake sununkha ndipo umapha anthu ali mtulo. Magetsi akathima imbani 105, fungo la gasi ndi 0800 111 999. A mita yolipiriratu onjezani mayunitsi lero.

Womanga, Sheffield:
A pasaiti, konkire sathira kukatsika pansi pa madigiri 5 popanda kuiteteza, ndipo matope a njerwa akaundana asanaume amafumbutuka. Ntchito ingaime, ndiye funsiranitu a ejensi ngati tsiku loterolo limalipidwa. Zovala muphatikize zopyapyala zitatu, chamkati chisakhale cha thonje, chimasunga thukuta n'kukuziziritsani. Masokosi ndi magulovu ena ouma m'chikwama.

Namwino, Glasgow:
Za malipirozo zikutikhudza tonse. Ukalephera kufika kuntchito chifukwa cha sinowo, lamulo silikakamiza bwana kukulipira pokhapokha kontrakiti itatero. Ikani app ya Met Office, a zanyengo, pafoni, chenjezo la yellow kapena amber likatuluka m'dera lanu muwaimbire amanijala madzulo omwewo, mugwirizane za shifiti ya m'mawa.