Thumba lokumbukira aphunzitsi athu: alangizi akhale ndani?

Mlembi: Moni nonse abale ndi alongo. Pa mfundo za msonkhano wapitawu yatsala imodzi yomwe nthawi inatithera tisanaimange. Ndalama zomwe tinasonkha pokumbukira malemu aphunzitsi athu a jogalafe zonse zalowa ku akaunti, ndipo akubanja adapempha kuti zigwire ntchito yomwe malemuwo ankaikonda, yotengera ana a sekondale kumapiri ndi kunkhalango. Tikufuna alangizi odzipereka, osalandira malipiro, oti aziyang'anira thumbali. Akhale angati? Akhale anthu otani? Nanga mphamvu zawo zilekezere pati? Tikambirane pano kuti Loweruka tidzangovota.

Malume a ku Johannesburg: Zikomo alembi. Musanafike kwa alangiziwo, funso langa lija lidakalipo. Kwathuko kuli ana omwe akubwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Ndiye ife titenge ndalama n'kukakwezera ana phiri? Ndikufunsa ndi mtima wabwino, chifukwa nanenso ndinasonkha, ndipo malemuwo anandiphunzitsa.

Achemwali a malemu: Malume, funso lanu ndi lomveka, nafenso kubanja tinadzifunsa. Koma gulu lino lili kale ndi thumba la fizi, ndipo sitinapemphe kuti muchotseko kalikonse. Ili ndi lina. Achimwene anga ankadandaula kuti mwana amaloweza mizere ya pamapu yosonyeza kukwera kwa malo, mayeso n'kukhoza, koma chigwa sanachionepo ali pamwamba pake. Ndinawaona ndi maso angawa atagwada pathanthwe, mapu atawapsinja ndi miyala m'makona kuti asauluke ndi mphepo, mtsikana wina wa Fomu 2 akulondola mtsinje ndi chala papepalapo. Atadzutsa mutu anauona mtsinje womwewo kumunsi, n'kufuula kuitana anzake. Zimenezo ndi zomwe tikufuna zisafe.

Malume a ku Johannesburg: Ndamva amayi, cholingacho sinditsutsanso. Koma zilembedwe kuti mwana wopanda nsapato zabwino kapena jekete asasiyidwe chifukwa cha zimenezo. Thumba ligule zovala zobwereketsa. Apo ayi azidzapita ndi ana a anthu opeza bwino okhaokha.

Wachiwiri kwa wapampando: Ine ndinene za alangiziwo. Akhale anthu asanu odziwika, omwe dzina lawo likamveka aliyense mtima umakhala m'malo kuti ndalama sizisowa. Azikumana kamodzi pachaka, avomereze bajeti, alandire lipoti. Za ulendo weniweniwo tiwasiyire aphunzitsi a pasukulupo. Tisawachulutsire ntchito anthu oti sitikuwalipira.

Anamwino: Abambo, apa ndiye ndikusiyana nanu kwambiri, mundikhululukire. Ndalama ikasowa tidzasonkhanso. Chomwe chikundisowetsa tulo ine ndi mwana wa munthu. Ngati malo oyamba ali phiri la Mulanje monga tinanenera, tidziwe komwe tikuwatumiza anawa. Nsonga yake yaitali kwambiri, Sapitwa, ndi yotalika mamita 3,002. Mukakwera mamita 1,000 alionse, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5, ndiye mwana amene wanyamuka kumunsi atavala malaya amodzi akutuluka thukuta, pofika pamwamba ali m'dziko lina. Thukuta lomwelo likanyowetsa malaya a thonje, mphepo n'kuomba, thupi limataya kutentha mofulumira zedi. Kutentha kwa thupi kukatsika kufika pansi pa madigiri 35, munthu wayamba kudwala matenda ozizidwa. Poyamba amanjenjemera, kenako amapunthwapunthwa, mawu amatuluka ngati a munthu woledzera, zipi ya jekete imamukanika kutseka. Choopsa n'choti iye mwini sazindikira kuti zavuta, amangoti akufuna akhale pansi apume pang'ono. Akasiya kunjenjemera ali chizizidwire, musaganize kuti wapeza bwino, apo ndiye zafika poipa. Kodi mlangizi wokumana kamodzi pachaka adzafunsa ngati pagululo pali wodziwa zizindikiro zimenezi? Adzafunsa ndani ali ndi mphumu, ndani amagwa khunyu, ndani wangochira malungo sabata yatha? Ine ndikufuna alangizi omwe azikhala pansi ndi ana asananyamuke, atsegule chikwama chilichonse aone zomwe zilimo, ndipo akhale ndi mphamvu yonena kuti gulu ili silinakonzeke, silipita.

Wachiwiri kwa wapampando: Amayi, zoona zimenezo. Koma munthu wongodzipereka aziletsa ulendo womwe ahedi avomereza ndipo makolo asayinira? Simukuona kuti tidzayambana ndi sukulu?

Anamwino: Ndalama ndi za thumba, ndiye thumba lili ndi ufulu wokana kuzitulutsa. Tikagwirizana ndi sukulu pachiyambi pomwe, n'kulemberana, palibe chodzayambanirana.

Agogo opuma ku nkhalango: Ana anga, ndiloleni ndiikepo mawu, poti ntchito yanga inali ya m'nkhalango. Anamwino anena zoona. Phiri limene lija chovuta chake si kutalika kokha, koma nyengo. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumabwera chiperoni, nkhungu yozizira ya mvula yamawawa yochokera chakumwera cha kum'mawa, ku Mozambique. Imatha kukuta phiri lonse m'kanthawi kochepa, mnzako ali pafupi pomwepa osamuona, njira ya pathanthwe n'kusowa. M'miyezi ya Juni ndi Julayi pamwamba paja usiku pamagwa chisanu choyeretsa udzu. Nthawi ya dzinja vuto ndi mitsinje: kamtsinje komwe mwadumpha m'mawa, madzulo ake simungawoloke. Seputembala ndi Okutobala nawonso ali ndi moto wolusa. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil, wophunzira bwino ndiponso woyendayenda m'maiko ambiri, anapitiriza yekha ulendo wa ku Sapitwa wopanda womuperekeza, ndipo anamupeza atamwalira ndi kuzizira patapita masabata. Sindikunena izi kuti ndikuopsezeni. Anthu ambirimbiri amakwera n'kubwerako bwinobwino chaka chilichonse, chifukwa amayenda ndi operekeza odziwa njira ndipo amamvera akauzidwa kuti tibwerere.

Komanso ndani wati ana ayambire ku Sapitwa? Kuchokera ku Likhubula, m'munsi mwa phirilo, kukwera kukagona ku nyumba ya ku Chambe ndi ulendo wokwanira kwa mwana wa Fomu 2. Kuli nyumba zina ku Lichenya, ku Thuchila, ku Sombani, ku Chinzama. Ya ku Chisepo, yomwe anthu amagonapo polowera ku Sapitwa, ikhale ya omwe anayendapo kale. Ndipo akaone mkungudza wa Mulanje, mtengo wa fuko lathu, womwe mwachilengedwe sumera kwina kulikonse padziko lapansi koma paphiri pomwepo. Ndinauona uli nkhalango yeniyeni, lero kwatsala zitsa ndi mbande zomwe akubzala. Mwana akaima pachitsa chachikulu ngati chija n'kununkhiza fungo lake, za kusamala mitengo simudzamuuzanso kawiri. Mwa alangiziwo mukhale mmodzi wodziwa phiri ndi miyendo yake, osati wongolimva.

Mlembi: Zikomo agogo. Ndiye tikulemba dzina lanu?

Agogo opuma ku nkhalango: Maondo anatha mwanawe, kukwera sindingathenso. Koma kuwerenga ndondomeko ya ulendo n'kunena kuti apa nthawi yachepa, apa madzi kulibe, zimenezo ndingachite. Mundipezere wachinyamata woti azikwera nawo.

Msungichuma: Ine mbali yanga ndi ndalama, ndipo ndikupempha kuti alangizi asamazigwire n'komwe. Iwo azivomereza ulendo, ife akomiti tizilipira. Osayinira ku banki akhale atatu, awiri azisayina nthawi iliyonse, ndipo pasakhale mlangizi pakati pawo. Tilembetsenso thumbali pansi pa lamulo la Trustees Incorporation Act kuti akaunti ikhale m'dzina la thumba, osati la munthu. Chomwe ndikufuna mundithandize nacho ndi ichi: tizidya chiwongoladzanja chokha, kapena tizidulako ndi ndalama yeniyeniyo? Matumba achikumbutso ambiri amasunga mutu wa ndalama kuti dzina likhalitse. Koma tonse tikukumbukira kuti kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndalama yongokhala m'buku imaoneka yomweyo pamanambala pomwe mphamvu yake yapita.

Malume a ku Johannesburg: Ndiye tizigwiritse ntchito ana akadalipo. Chaka chilichonse tizisonkhanso. Ife akunja kuno tilipo.

Msungichuma: Malume, chaka choyamba anthu amasonkha ndi misozi. Chachitatu ndi chachinayi ndimakhala ndikuimba mafoni osayankhidwa. Ndikunena zomwe ndimaziona m'mabuku a gulu lino. Ndingakonde gawo lina lisungidwe mokhwima, gawo lina ligule katundu wokhalitsa ngati majekete a mvula, zikwama zogonamo ndi bokosi la chithandizo choyamba, poti zimenezo kugwa kwa ndalama sikuzikhudza.

Wophunzira wa kukoleji: Makolo anga, ndiloleni nane ndilankhule ngakhale ndili wamng'ono pano. Ine ndine mmodzi wa ana omwe malemu anawatengera kuphiri. Zonse mwanenazi ndi zabwino, koma ndikuopa kuti akuluakulu mudzakonza zonse, ana n'kungokwera galimoto ngati katundu. Aphunzitsi aja sankatero. Ankatipatsa mapu kuti tisankhe tokha njira, tiwerengere maola, tilembe zonyamula, tinene tikagona pati ndipo wina akathyoka mwendo titsikira kuti. Tikabweretsa pepala ankalibweza lili ndi mafunso okhaokha. Nthawi ina anatifunsa kuti dzuwa likalowa tisanafike, tochi ili ndi ndani. Tinayang'anana, panalibe amene anailemba. Tinakalembanso pepala lonse. Ndikupempha kuti ana azilemba okha pempho lawo, m'magulu a anthu anayi kapena asanu, ndipo ntchito ya alangizi ikhale kuwafunsa mafunso ngati amenewo mpaka pepala litakhwima. Anayi ndi nambala yabwino chifukwa wina akavulala, mmodzi amatsala naye, awiri n'kukaitana thandizo. Netiweki m'phirimo si paliponse imagwira, ndiye kudalira foni yokha n'kudzinamiza.

Achemwali a malemu: Mwana wanga, wandiliza. Ndi momwemo ankachitira.

Anamwino: Ndikugwirizana nazo, bola wamkulu ndi woperekeza wovomerezeka azikhala nawo nthawi zonse, awa ndi ana osakwana zaka 18. Ndipo pepala lomwelo kope yake itsale kumunsi ndi mlangizi mmodzi, pali ola lenileni lomwe akuyenera kukhala atatsika. Ola limenelo likadutsa osamva kanthu, mlangiziyo asayambe kudikira kuti mwina mwina, aimbire a nkhalango ndi apolisi nthawi yomweyo. China: gulu lililonse lomwe muli atsikana mukhale mayi wamkulu, ndipo mwa alangizi asanuwo osachepera awiri akhale amayi. Makolo ambiri sadzalola mwana wamkazi kukagona kuphiri popanda zimenezi, ndipo sindingawadzudzule.

Wachiwiri kwa wapampando: Ndikuona kuti ntchito yomwe mukuifotokozayi ndi yaikulu kuposa momwe ndimaganizira. Funso langa latsala limodzi. Munthu akadzipereka chonchi, kenako ngozi n'kuchitika ngakhale anachita zonse bwino, mlandu udzagwera iye? Tikapanda kuyankha zimenezi palibe adzavomere.

Msungichuma: N'chifukwa chake ndikulimbikira zolembetsa thumba. Tifunsenso kwa odziwa malamulo za kalata yomwe makolo azisayina, komanso za inshuwalansi ya ulendo. Pagulu pano tili ndi maloya awiri, ndiwaimbira mawa.

Aphunzitsi a pasukulupo: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Kumbali ya sukulu, mphamvu yoletsa ulendo sitikuiopa, ikutithandiza. Mphunzitsi amapanikizika, ana asangalala kale, makolo akonzeka, galimoto yafika, ndiye kunena kuti nyengo yaipa tibwerere kumavuta. Akakhalapo wina wapambali wonena zimenezo, katundu amatipepukira. Pempho langa n'loti mlangizi amene mwana wake kapena mdzukulu wake walemba nawo pempho azituluka panja pokambirana gululo. Kwathu kuja tonse ndife pachibale, tikapanda kulemba zimenezi zidzatidanitsa. Ndiponso ana akabwerako azifotokozera anzawo pamzere zomwe anaona ndi zomwe zinawavuta, kuti a chaka chamawa aphunzirepo.

Wapampando: Zikomo nonse. Alembi, lembani motere kuti tidzavotere: alangizi asanu, kwa zaka zitatu, osatuluka onse nthawi imodzi kuti nzeru zisamapite pamodzi. Mukhale wodziwa phiri, wazachipatala, mphunzitsi, mmodzi wa kubanja la malemu ndi wachinyamata amene anayendapo. Ali ndi mphamvu yokana kapena kuimitsa ulendo, koma ndalama sagwira. Za mutu wa ndalama asungichuma abwere ndi njira ziwiri zolembedwa, tidzasankhe.

Agogo opuma ku nkhalango: Awapampando, muwonjezere kuti ulendo woyamba usanachitike, wachinyamatayo ndi aphunzitsi akayende okha njirayo ndi woperekeza. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anagumula malo ambiri m'mbali mwa phirilo, ndiye zomwe ndikuzikumbukira ine mwina sizili momwemo lero.

Wophunzira wa kukoleji: Ndivomera kupita agogo. Tchuthi chikayamba ndidzabwera kwanu ndi mapu kuti mundilozere poyambira.

Malume a ku Johannesburg: Majekete khumi oyamba ndigula ine. Alembi, munditumizire misinkhu ya ana.

Mlembi: Ndalemba zonse. Amene ali ndi dzina la mayi wachiwiri woti akhale mlangizi anditumizire kumbali pofika Lachinayi, ndipo muyambe mwamufunsa mwini wakeyo ngati ali ndi mpata.