Amene munawerengapo The Daisy Chain, ndithandizeniko

Abale ndi alongo, ndili pakati pa buku la Charlotte Yonge lotchedwa The Daisy Chain, lomwe linatuluka ku England mu 1856, ndipo maganizo anga agawanika. Ndi nkhani ya banja la Dr May la ana 11. Buku litangoyamba kumene, amayi awo amwalira pa ngozi ya ngolo yokokedwa ndi hatchi, ndipo mwana wamkazi wamkulu, Margaret, alumala pa ngozi yomweyo.

Chandigwira mtima n'chakuti mwana aliyense ali ndi khalidwe lakelake. Akamacheza kapena kukangana, umachita kumva ngati uli m'nyumbamo. Ethel ndiye ndamukonda koposa: mtsikana wanzeru, wosalabadira za maonekedwe, amene mtima wake wonse uli pomanga tchalitchi ku Cocksmoor, mudzi wa anthu osauka.

Koma zandiwawa kuona kuti akumusiyitsa kulimbikira Chigiriki ngati mchimwene wake Norman, ati azisamala za pakhomo. Bukuli n'lalitalinso, ndipo pena malangizo achipembedzo amachuluka mpaka nkhani kuima.

Kodi Yonge ankakhulupiriradi kuti n'koyenera kuti Ethel asiye maphunzirowo, kapena kutsogoloku akuonetsa kuti Ethel anataya chinthu chamtengo wapatali? Nanga The Trial, la 1864, lopitiriza nkhani ya banjali, ndiliwerenge ndikamaliza ili?