Clippers tsopano ali ndi bwalo lawolawo

Paja panali funso lakuti n'chifukwa chiyani Clippers ndi Lakers, matimu awiri a NBA, ligi ya basketball ya ku America, ankasewerera pabwalo limodzi ku Los Angeles. Ndinayankha mwachidule kuti Clippers ankachita lendi. Zinthu zinasintha, ndiye ndiwonjezerepo.

Timu ya Clippers yayendayenda kwambiri. Inayambira ku Buffalo mu 1970 ikutchedwa Braves, mu 1978 inasamukira ku San Diego komwe inatenga dzina la Clippers, kenako mu 1984 mwini wake wa nthawiyo, Donald Sterling, anapita nayo ku bwalo la Los Angeles Memorial Sports Arena. Kuyambira 1999 inali ku Staples Center, yomwe pano ndi Crypto.com Arena. Kumeneko inkasankha masiku pomalizira, Lakers ndi timu ya hockey ya Kings atatenga kale abwino, moti masewero ena ankachitika masana dzuwa lili paliwombo. Mu 2013 mphunzitsi wa Clippers wa nthawiyo, Doc Rivers, anachita kulamula kuti mbendera za zikho za Lakers ziziphimbidwa Clippers akamasewera. Ine sindimamudzudzula.

Pano Clippers ali ku Intuit Dome ku Inglewood, pafupi ndi Los Angeles, bwalo lomwe Steve Ballmer, amene anagula timuyi mu 2014 pa madola 2 biliyoni, anamanga ndi ndalama zake. Linatsegulidwa mu Ogasiti 2024. Chondisangalatsa kwambiri ndi chigawo chotchedwa The Wall: mizere 51 ya mipando yokwera motsetsereka kuseri kwa ringi, komwe wovala jezi ya timu ina saloledwa. Pa masewero oyamba a ligi pabwaloli, pa 23 Okutobala 2024, Clippers anagonja kwa Phoenix Suns m'nthawi yowonjezera. Basketball ya Olimpiki ya 2028 idzaseweredwanso pomwepo.