Za thovu lija la mowa wa mu keg: zatheka

Masabata awiri apitawo ndinafunsa chifukwa chimene keg yanga (chigubu chachitsulo chosungiramo mowa), yomwe ndinaiika m'firiji yakale, imangotulutsira thovu lokhalokha. Akuluakulu, zikomo kwambiri chifukwa cha malangizo anu, tsopano zatheka.

Vuto lalikulu linali loti mowa sunkazizira mokwanira. Ndinasiya thermometer m'kapu ya madzi m'firijimo usiku wonse, m'mawa ndinapeza ili pa madigiri 8. Ndatsitsa kufika pa 3, ndipo gasi wa CO2 wokankha mowa mu keg ndamuika pa 12 psi (muyeso wa mphamvu ya gasi). Paipi ya mowa nayonso inali yaifupi, mita imodzi yokha, moti mowa unkangoti phwaa m'tambula. Ndaikapo ya mamita atatu, yopyapyala mkati, ndipo ndaikulunga pamwamba pa keg kuti izikhala yozizira.

Vuto lina linali loti gasi ankatha msanga, ndiye ndinapaka madzi a sopo molumikizira monse kuti ndione pamene akutulukira. Pa regulator, kachipangizo kowongolera mphamvu ya gasi, panatuluka timathovu, kawashala kanali katang'ambika.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi ukhondo. Nditamasula mpopi ndinapezamo zonanda zakuda, zonunkha mowawasa, pomwe alendo anga akhala akumwera pamenepo. Tsopano ndizitsuka mpopi ndi mapaipi masabata awiri aliwonse. Magetsi akazima sinditsegula chitseko cha firiji, ndipo akabwera ndimadikira mowa uzizire kaye ndisanathire.