Chipilala kumudzi kapena zitupa kuno: zokambirana za gulu la a ku Chiradzulu okhala mu Harare

Bambo Makwinja, wapampando (Mufakose):
Abale ndi alongo nonse, ndakupatsani moni. Monga mukudziwa, m'thumba lathu la chitukuko, lomwe ndi losiyana ndi thumba la maliro, muli madola 2,400. Komiti itakumana Loweruka inabweretsa ganizo lakuti ndalamazi timangire chipilala cha chikumbutso kumudzi, pamalo amene amfumu atilonjeza m'mphepete mwa msewu wopita ku Mbombwe, kumene kuli mishoni imene anayambitsa Abusa John Chilembwe. Pachipilalapo palembedwe maina a anthu akwathu amene anaphedwa pa kuukira kwa Abusa John Chilembwe mu 1915, pamodzi ndi amene anamangidwa polimbana ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1959. Mfundo sitinamange ayi, choncho ndikupempha kuti aliyense alankhule momasuka koma mwaulemu tisanakumane Lamulungu likudzali.

Mayi Chikopa, msungichuma (Mbare):
Zikomo a Tcheya. Ine ndingoyala za ndalama zokha. Tikawerengera simenti, njerwa, mmisiri, chitsulo chozokotapo maina, ndi ulendo wa anthu awiri okayang'anira ntchito kudzera pa Nyamapanda, Tete mpaka pa Mwanza, thumba lonse litha, ndipo mwina tidzasonkhanso. Amene akuvomereza chipilala adziwe kuti chaka chino sipadzakhala ntchito ina.

Bambo Sumani, mphunzitsi wopuma (Dzivarasekwa):
A Tcheya, ine ndili kumbali ya chipilala, ndipo ndifotokoze chifukwa chake mwatsatanetsatane. Abusa Chilembwe sakusowa ulemu: nkhope yawo ili pa ndalama ya K2,000, pa 15 January dziko lonse limapuma powakumbukira, ndipo mu 2022 chifanizo chawo chimene anaumba Samson Kambalu chinaimikidwa pa Trafalgar Square ku London, iwo atavala chipewa pamaso pa mzungu, chinthu chimene munthu wakuda sankaloledwa kuchita masiku amenewo. Amene akusowa ulemu ndi anthu wamba amene anawatsatira usiku wa pa 23 January 1915.

Ambiri mwa anthu amenewo anali Alomwe othawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique. Pofika kwathu analibe malo awoawo, ndiye anakhazikika pa minda ya A. L. Bruce ku Magomero, kumene anagwa m'thangata. Munthu ankayenera kulima thonje mwezi umodzi wolipirira malo amene wamangapo nyumba, ndi mwezi wina wolipirira msonkho, koma woyang'anira mindayo, William Jervis Livingstone, ankatalikitsa miyeziyo mmene wafunira, ndipo matchalitchi a udzu amene anthu a Providence Industrial Mission ankamanga pamindapo ankawatentha. Nkhondo ya Ajeremani itayamba mu 1914, Abusa Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kutsutsa zoti amphawi azikafera nkhondo imene si yawo n'kusiya akazi amasiye ndi ana, pamene eni chuma ndi eni minda ali phee, koma boma linaletsa kalatayo kuti isafalikire. Kuukira kutalephereka, Abusawo anawomberedwa pa 3 February akulowera kumalire a Mozambique, tchalitchi chachikulu cha njerwa cha ku Mbombwe chinaphwasulidwa, anthu oposa 30 anaphedwa atazengedwa milandu mwachangu, ndipo mazana anatsekeredwa m'ndende. Mwa onsewa, amene timawatchula kawirikawiri ndi John Gray Kufa ndi Duncan Njilima, chifukwa anali ophunzira ndi opata. Nanga olima thonje aja? Maina awo atsala m'kamwa mwa nkhalamba zowerengeka, ndipo nkhalambazo zikupita.

Mayi Namakhwa (Epworth):
Bambo Sumani, mbiri mwaifotokoza bwino, ndipo ine ndikuona kuti mbiri yomweyo ndi imene ikutsutsa chipilala. Mwanena kuti Alomwe aja anazunzika chifukwa anali obwera, opanda malo, okhala pamunda wa mwini kufikira tsiku limene mwiniyo watopa nawo. Kodi si mmene makolo athu anakhalira kuno? Agogo anga anabwera ndi Mthandizi, bungwe lolemba anthu a kwathu ntchito kuno, anakalambira pa famu ya fodya kufupi ndi Marondera, ndipo mafamu atalandidwa kuyambira mu 2000 ife tinapezeka pamsewu, chifukwa anzathu anali ndi kumudzi kokathawira pamene ife tinalibe. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, ndipo anthu obadwira muno, amene sanapondeko n'komwe ku Malawi, anauzidwa kuti akakane unzika wa dziko limene sanakhalepo nzika zake. Mu 2005 Murambatsvina, ntchito ya boma yogwetsa nyumba zimene linkati n'zosaloledwa, inatigumulira timanyumba timene tinali titangomanga.

Malamulo oyendetsera dziko a mu 2013, pa gawo 43, anati munthu amene anabadwira mu Zimbabwe malamulowo asanayambe kugwira ntchito, amene ankakhala muno pa nthawiyo ndipo kholo lake linali nzika ya dziko la SADC, ndi nzika mwa kubadwa. Pa pepala nkhani inatha, koma bwerani ku Epworth mudzaone. Pafupi ndi kwathu pali agogo ena amene akulera zidzukulu zinayi. Mapepala awo onse amasunga m'jumbo ya shuga yokulungidwa m'chitenje: khadi la sikelo long'ambika pakati, kalata ya ubatizo, ndi chitupa chachitsulo cha malemu amuna awo chodindidwa kuti ndi mlendo. Mwana wawo wamkazi anamwalira alibe kalata ya ubadwa, choncho zidzukuluzo nazonso zilibe, ndipo wamkulu wavutika kulembetsa mayeso a Giredi 7. Ku ofesi amafuna mboni za pachibale zokhala ndi zitupa, mboni zake zili ku famu ina kutali, ndipo ndalama ya basi yokazitenga palibe. Madola 2,400 angathe kunyamula mboni, kulipira malumbiro ndi kuperekeza mabanja ambiri otere. Ine ndikuti tiyambe ndi amoyo.

Abusa Kachere (Glen View):
Ndisanasankhe mbali, ndili ndi funso kwa ofuna chipilala. Tidzalembapo chiyani za usiku wa ku Magomero? Livingstone anadulidwa mutu, ndipo m'mawa mwake, tsiku Lamulungu, Abusa Chilembwe analalikira mutuwo uli pamtengo m'tchalitchi. N'zoonanso kuti analamula kuti akazi ndi ana a azungu asavulazidwe, ndipo sanavulazidwedi. Zonse ziwiri zinachitika. Chitsulo cha pachipilala chimalandira mizere iwiri kapena itatu, ndipo mizere itatu imakonda kunama posiya zolemera. Ngati tikufuna kuti ana adziwe nkhaniyi, ayenera kuimva yonse, ndi mkwiyo wake womwe, ndi zimene zinafikitsa munthu wa Mulungu pamenepo.

Agogo Mulima (Highfield), kudzera mwa mdzukulu wawo:
Ana inu, mukulankhula ngati kuti nkhondo ya ufulu inamenyedwera kumudzi kokha. Ine ndinafika mu Salisbury, imene lero ndi Harare, ndili mnyamata, ndipo ndinapeza dzina la Dunduzu Chisiza lili pakamwa pa aliyense. Mnyamata wa ku Karonga ameneyo anali m'gulu la amene anayambitsa City Youth League, gulu la achinyamata lolimbana ndi ulamuliro wa azungu muno, mu 1955, pamodzi ndi James Chikerema, George Nyandoro ndi Edson Sithole. Mu 1956 anthu ananyanyala mabasi chifukwa cha kukwera kwa mitengo, n'kumayenda wapansi kupita ku ntchito, ndipo chaka chomwecho boma linamupitikitsa Chisiza m'dziko muno. Pa 3 March 1959, pamene bwanamkubwa Armitage analamula kuti atsogoleri a chipani cha Nyasaland African Congress agwidwe, anthu osachepera 20 anawomberedwa padoko la Nkhata Bay, ndipo Ngwazi Dr Kamuzu Banda anadzawatsekera ku ndende ya Gwelo, imene lero ndi Gweru, pamodzi ndi Chipembere ndi ana a Chisiza awiri, Dunduzu ndi Yatuta. Ena ambiri anawatsekera ku Khami kufupi ndi Bulawayo. Amene amatinena kuti ndife obwera sadziwa kuti ufulu wawo ndi wathu unaphikidwa mumphika umodzi. Chipilala chimangidwe, koma dzina la Ngwazi likhale pamwamba, chifukwa ndi amene anaphwanya chitaganya.

Bambo Likoswe (Kuwadzana):
Agogo, ndikulankhula nditagwada, koma pa dzina la pamwambalo sindingavomereze. Mwa anthu amene mwawatchula kuti anali limodzi ku Gwelo, taonani mmene anathera. Dunduzu anafa pa ngozi ya galimoto pa Thondwe mu 1962, imfa imene anthu amafunsabe mpaka lero. Nduna zitasemphana ndi Dr Banda mu 1964, Chipembere anathawa n'kukamwalirira ku America mu 1975, ndipo Yatuta Chisiza anaphedwa ndi asilikali a Malawi mu 1967. Orton Chirwa, amene anayambitsa Malawi Congress Party mu 1959, anafera m'ndende ya Zomba mu 1992, akazi awo Vera Chirwa n'kudzatulutsidwa chaka chotsatira. Mayi Rose Chibambo, amene lero ali pa K200, anakhala zaka pafupifupi 30 kunja kwa dziko lawo. Ndipo muno mu Harare momwe, mu March 1983, mtembo wa Dr Attati Mpakati, mtsogoleri wa LESOMA, chipani chotsutsa Dr Banda cha Amalawi okhala kunja, unapezeka m'ngalande. Tikayamba kusanja maina kuti wina pamwamba wina pansi, gulu lino ligawanika chipilala chisanafike pa maziko. Pa chifukwa chimenechi ndikugwirizana ndi Mayi Namakhwa.

Bambo Sumani:
Mayi Namakhwa andikhudza, koma ndikane chinthu chimodzi. Thumba ili tinalikhazikitsa kuti litukule kwathu, ndipo ena anasonkha ndi mtima umenewo. Kumudzi nakonso nkhani ya malo siinathe. Thangata anatha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, koma ku Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje anthu akadapanikizana pa timinda tating'ono mpaka kumalima ndi kumanga m'mbali mwa mapiri, ndipo tonse tikukumbukira mmene namondwe wa Freddy anakokololera midzi mu March 2023. Mwana wa kumeneko ayenera kudziwa kuti kuchepa kwa munda wa amayi ake kuli ndi chiyambi chake. Ngati simenti yakula mtengo, ndikupempha kuti gawo laling'ono la ndalama lipite kwa aphunzitsi awiri a kumudzi, ayende m'midzi yozungulira Mbombwe ndi Magomero ndi foni, ajambule mawu a nkhalamba, alembe maina ndi mibadwo, ndipo tisindikize kabuku kokagawa m'masukulu. Mmenemo funso la Abusa Kachere lidzapeza malo okwanira, ndipo nkhani ya Agogo Mulima ya mabasi a mu 1956 ilowemonso.

Mayi Namakhwa:
Kabukuko sindikukana, Bambo. Koma mawu akuti kwathu tiwaonetsetse, chifukwa theka la amene amasonkha mwezi ndi mwezi m'gulu lino anabadwira ku mafamu a Mashonaland ndi ku migodi, ndipo adzaikidwa kumanda a Mbudzi muno mu Harare. Ine ndikupempha madola 1,800 apite ku zitupa, otsalawo ku kabuku. Ndikupemphanso kuti tipeze loya wodzipereka woti atiunikire mafomu tisanayambe kunyamula anthu, kuopa kuwononga ndalama pa maulendo obwerera chimanjamanja.

Mayi Chikopa:
Ngati tipita njira imeneyo, ndikufuna malisiti a basi iliyonse ndi lumbiro lililonse, ndiponso mndandanda wa mabanja usanatuluke ngakhale dola imodzi. Ndikumbutsenso kuti amfumu kumudzi tinawauza kale za chipilala, ndipo sitingangokhala chete.

Bambo Makwinja:
Ndathokoza nonse. Lamulungu tidzavota pa mfundo ziwiri: chipilala monga komiti inanenera, kapena kugawa ndalama pakati pa zitupa ndi kabuku malinga ndi ganizo la Mayi Namakhwa. Chifukwa malamulo athu amati thumbali ndi la chitukuko cha kumudzi, mfundo yachiwiriyo idzafunika magawo awiri mwa atatu a amene adzabwere. Mayi Namakhwa adzabwere ndi mndandanda wa mabanja a ku Epworth ndi Hopley, koma maina asaikidwe pa gulu pano. Bambo Sumani aimbire aphunzitsi a kumudzi kuti timve ngati angaigwire ntchitoyi ndi mtengo wake. Amfumu ndiwaimbira ndekha zotsatira zikadziwika. Agogo Mulima tidzawatumizira galimoto, ndipo amene ali ndi ngongole ya zopereka za miyezi itatu alipire asanalowe, apo ayi sadzavota.