Kodi boma lidayamba liti kukonza maphunziro m'dziko muno?

Mphunzitsi wa ku Ngabu:
Akuluakulu, ndikupempha odziwa mbiri andithandize. Sukulu zoyamba zidali za amishoni, koma kodi boma lidalowererapo liti, ndipo lidayamba ndi kumanga makalasi kapena kusula aphunzitsi? Ndikufunsa chifukwa kuno ku Chikwawa tikamakambirana zotukula maphunziro, ambiri amangotchula njerwa ndi malata.

Mayi wa ku Bangula:
Aphunzitsi, boma la atsamunda lidachedwa kwambiri. Kwa zaka zambiri linkangopereka kandalama kochepa kwa amishoni, mpingo uliwonse n'kumaphunzitsa mmene udafunira, popanda woyang'anira. Gulu la Phelps-Stokes, lofufuza za maphunziro mu Africa, litayendera Nyasaland mu 1924, m'pamene boma lidakhazikitsa nthambi yoona za maphunziro mu 1926. Posakhalitsa kudatsegulidwa sukulu ya Jeanes ku Domasi, kumene ankaphunzitsa aphunzitsi pamodzi ndi akazi awo, kuti akabwerera kwawo aziyendera sukulu za m'midzi, kulangiza anzawo kaphunzitsidwe, ndiponso kuphunzitsa anthu ukhondo ndi ulimi. Maganizo oti ayambe ndi mphunzitsi adali abwino, ngakhale atsamundawo sankafuna kuti mwana wa kuno apite patali, chifukwa sekondale yoyamba, ya Blantyre, idadzatsegulidwa mu 1940.

Bambo wa ku Nsanje:
Mayi, mwafotokoza bwino, koma tisaiwale za 1994, pamene boma la a Bakili Muluzi lidathetsa fizi ku pulayimale. Ana adachoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo boma lidalemba aphunzitsi zikwizikwi osapita ku koleji, n'kudzayamba kuwaphunzitsa pambuyo pake kudzera mu pulogalamu yosula aphunzitsi yotchedwa MIITEP, ali kale pantchito. Sindidandaula kuti ana a osauka adalowa m'kalasi, koma ambiri adakhala pansi pa mitengo, ndipo mphunzitsi mmodzi ankayang'anizana ndi ana oposa 100.

Mphunzitsi wopuma wa ku Makhanga:
Kuno kuchigwa funso lanu, aphunzitsi, lili ndi mbali ina. Mwana amachoka kunyumba akulankhula Chisena, mphunzitsi wochokera kumtunda amapempha kusamutsidwa chifukwa cha kutentha ndi kusowa nyumba, ndipo madzi akasefukira, monga mu 2015 ndi nthawi ya namondwe Freddy mu 2023, makalasi amasanduka misasa ya othawa madzi. Ndikadakonda makoleji azitenga achinyamata ambiri obadwira kuno, amene sangathawe Okotobala akafika.