Kodi TV ya mainchesi 65 ingapirire kutentha ndi magetsi a kuno ku Chigwa cha Shire?

Mphunzitsi wa ku Ngabu

Abale ndi alongo, ndikupempha nzeru kwa amene munagulapo kale wailesi ya kanema yaikulu. Ine ndi mayi akunyumba tasonkhanitsa ndalama zoti tigule TV yoika pabalaza, koma tasiyana maganizo pa kukula kwake: ine mtima uli pa ya mainchesi 65, pamene iwo akuti ya 55 ndi yokwanira poti kuchokera pampando kufika kukhoma ndi mamita atatu okha. Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi malo amene tikukhalawa, chifukwa nyumba yathu ndi ya malata yopanda siling'i, ndipo nonse mukudziwa mmene Ngabu amatenthera mu Okutobala ndi Novembala. Magetsi akathima timadalira sola ya batire limodzi. Kodi TV yotere ingakhalitse kuno, ndipo zimene amalemba pakatoni zoti 4K ndi smart zili ndi phindu lililonse kwa ife?

Wokonza zamagetsi ku Nchalo

Aphunzitsi, musanaganize za kukula, yambani mwaganiza za magetsi, chifukwa ma TV ambiri amene amabwera pabenchi yanga sanafe ndi ukalamba koma ndi magetsi obwera mwamphamvu atangoyaka kumene, kapena ndi mphezi ya m'dzinja yolowera pa waya wa dishi. Pa ndalama zanuzo patulanipo kaye zogulira TV guard, kachipangizo kamene kamadula magetsi akakwera kapena akatsika mopyola muyezo wa mavolti 230, n'kudikira kanthawi kasanawalole kulowanso. Musakasokoneze ndi adaputa wamba ya mabowo ambiri, imene siteteza kanthu. Mvula ya mabingu ikayamba, zulani pulagi ndi waya wa dishi womwe, popeza palibe chotetezera chimene chingalimbane ndi mphezi yogwera pafupi.

Za solazo, TV ya LED ya mainchesi 55 nthawi zambiri imadya mawati ozungulira 100, ndipo ya 65 imaposa pamenepo. Nambala yeniyeni imalembedwa pachikwangwani chakumbuyo kwake, choncho muiwerenge muli m'sitolo momwemo. Mukaphatikiza dekoda ndi fani, batire limodzi likhoza kukusiyani mpira usanathe. Tonse tikukumbukira mmene zinalili namondwe Ana atawononga siteshoni yopangira magetsi ya Kapichira mu Januwale 2022, dziko litataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo nthawi imeneyo amene ankaonera kanema ndi aja anali ndi TV yogwirizana ndi mphamvu ya batire lawo. Onetsetsaninso kuti inveta yanu, chipangizo chosandutsa magetsi a batire kukhala a m'nyumba, ndi ya pure sine wave, kutanthauza yotulutsa magetsi osalala ngati a ESCOM.

Kutentha nakonso si nkhani yochepa. Makampani ambiri amalemba m'kabuku ka malangizo kuti TV izigwira ntchito pamalo osapyola madigiri 35 kapena 40, koma pansi pa malata opanda siling'i masana a Novembala mumadutsa pamenepo. Timagetsi tounikira kumbuyo kwa sikirini ndi timene timayamba kufa, ndipo mumangoona mawu akumveka koma chithunzi palibe. Siyani mpata kumbuyo kuti mpweya uzidutsa, chepetsani kuwala kwa sikirini, ndipo kansalu kophimbira fumbi kazichotsedwa TV ikamayaka. Kunena zoona, ndikanakhala inu ndikanagula ya 55, zotsalazo n'kukhomera siling'i pabalazapo.

Mayi wa ku Bangula

Ine ndikuikira kumbuyo mayi anzanga akunyumba kwanuko, koma pa chifukwa china. Sikirini ya 4K ili ndi timadontho 3840 chopingasa ndi 2160 chotsika, koma kukongola kwakeko kumaoneka pokhapokha chimene mukuoneracho chikubweranso mu 4K. Nkhani za pa MBC, Times kapena Zodiak zimene timaonera kudzera pa dekoda ya Kiliye Kiliye kapena pa dishi sizifika pamenepo, ndipo sikirini ikakula kwambiri ndi pamene kusaoneka bwino kwa chithunzi kumaonekera poyera. M'sitolo amakuonetsani vidiyo yokonzedwa mwapadera ya maluwa ndi mathithi, choncho apempheni alumikize dekoda kuti muone zimene muzikaonera kunyumba. Za smart zija zimafuna intaneti, ndipo filimu ya 4K pa Netflix ikhoza kudya magigabaiti 7 pa ola limodzi, zimene bandulo ya munthu wolandira pamwezi singapirire.

Chinanso, ikhomereni kukhoma pamwamba ndithu m'malo moiika patebulo. Ife a ku Nsanje tinaona madzi a namondwe Freddy mu 2023 akulowa m'nyumba usiku, ndipo katundu amene anali pansi ndi amene anayamba kuwonongeka.

Dalaivala wa Blantyre–Nsanje

Pepani amayi ndi achimwene a ku Nchalo, ine ndikusiyana nanu pang'ono. Pa mamita atatu ya mainchesi 65 si yaikulu mopyola, ndipo banja lokonda mpira wa pa SuperSport, umene umabwera mu HD (chithunzi chooneka bwino, ngakhale sichifika pa 4K), lidzaona kusiyana kwake. Aphunzitsi angoyesa khoma lawo, poti mainchesiwo amayesedwa kuchoka pangodya ina kufika pangodya yoyang'anana nayo, ndipo m'lifupi ya 65 imatenga pafupifupi masentimita 145 pamene ya 55 imatenga 123.

Langizo langa lenileni ndi la pogula ndi ponyamula. Kaya mwasankha Hisense, Samsung, LG kapena TCL, gulani m'sitolo yopereka lisiti ndi waranti yolembedwa, ndipo mufunse kumene amakonzera ikawonongeka, chifukwa pali ma TV ena otchipa amene amangomatidwa dzina la kampani yotchuka pamene mkati mwake ndi zina. Aitulutse m'katoni inu mukuona, aiyatse, ndipo muyang'ane sikirini yonse pa chithunzi choyera ndi chakuda ngati mulibe kadontho kakufa kapena mzere, popeza mukangotuluka nayo pakhomo ming'alu ya galasi imakhala mlandu wanu. Poinyamula iime chilili m'katoni yake, osaigoneka kapena kuisanjikiza ndi matumba kumbuyo kwa minibasi, chifukwa makona a m'phiri potsetserekera ku Thabwa amagwedeza katundu kwambiri ndipo galasi lalikulu likagona limathetheka pakati. Ndi bwino kulipira galimoto yapadera kapena mipando yonse ya kumbuyo.

Mphunzitsi wa ku Ngabu

Zikomo nonse. Khoma ndaliyesa ndipo ya 65 ikukwana, koma batire lathu ndi la 100Ah lokha, losasunga magetsi ambiri, ndiye zikuoneka kuti mayi akunyumba apambana mlanduwu. Achimwene a ku Nchalo, kodi TV guard imodzi ingateteze TV ndi dekoda pamodzi, kapena ndigule ziwiri?